ZA UMOYO WATHU: Mwana wa sukulu akondwe ndi mphepo ya ku Lusaka, koma mbaula igone panja

Mphepo yafika. M'makomboni mwathu muno, kaya ndi ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, ana ayamba kupita ku sukulu manja ali m'khwapa, ndipo madzulo aliyense akuthamangira pa mbaula. Koma mabanja ambiri ali ndi mwana wina amene sali nawo pa mbaulapo. Anakwera basi, nayenda mtunda wa makilomita oposa 550 pa mseu wa Great East, ndipo tsopano ali ku Lusaka, ku koleji kapena ku yunivesiti. Phunziro la sabata ino ndi la iyeyo, ndiponso la inu makolo amene mumamutumizira ndalama ndi ufa. Mukatha kuwerenga, dulani tsambali mumutumizire, kapena mumuwerengere pa foni.

Mfundo ya phunziro lathu ndi imodzi. Nyengo ya mphepo ndi yabwino kwa mwana wa sukulu, ndipo akhoza kukondwa nayo kwambiri. Ngozi imabwera cifukwa ca njira zimene ena amasankha pofuna kuthawa kuzizira, ndipo yoopsa koposa zonse ndiyo kugona ndi mbaula m'cipinda cotseka.

MPHEPO YA KU LUSAKA

Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja ya mcere. Ndiye cifukwa cake m'miyezi ya Juni ndi Julai kumazizira kwambiri usiku ndi m'bandakuca, kufika pa madigiri 10 kapena kucepera apo. Masana dzuwa limawala bwino ndipo kumafunda kufika pa madigiri 22 kapena 23. Mwana wocokera kumalo otentha monga ku cigwa ca Luangwa amaimva mphepoyi mpaka m'mafupa caka cake coyamba.

Komabe nyengoyi ili ndi zabwino zake. Mvula kulibe, matope a m'makomboni auma, udzudzu ndi nchenche zacepa, ndipo munthu amawerenga osatuluka thukuta monga mu Okutobala. Ndi nthawinso imene zakudya za m'munda zimacuruka ndi kutsika mtengo.

Bvuto limayambira kumalo ogona. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndipo koleji ya Evelyn Hone ndi yakale kuposa apo. Kucokera nthawi imeneyo masukulu akuluakulu acuruka mu Lusaka ndipo ophunzira nawonso acuruka kwambiri, kotero kuti zipinda za pa sukulu sizikwanira onse. Ambiri amacita lendi m'makomboni monga Kalingalinga, Mtendere, Ng'ombe ndi Kaunda Square. Kacipinda kamodzi ka malata opanda siling'i ndi pansi pa simenti amagonamo atatu kapena anai. Malaiti akazima, monga zinacitikira kwambiri m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 madzi atacepa ku Kariba, pophikira pamakhala pa mbaula basi.

Tiyerekeze madzulo ena a mu Julai. Anyamata atatu aphika nsima ndi kapenta pa khonde. Atatha kudya akuona kuti malasha akali ofiira. Mmodzi akuti, "Amwene, moto wabwino conci tiusiye panja? Tiulowetse tiwothe pang'ono powerenga." Alowetsa mbaula, atseka citseko ndi zenera, ndipo pansi pa citseko ayalapo thaulo kuti mphepo isalowe. Timabowo ta mpweya ta pa khoma anatitseka kale ndi manyuzipepala. Patapita nthawi mmodzi akudandaula mutu, wina akuti tulo tamugwira. Onse akuganiza kuti ndi kutopa ndi mabuku, nagona. Palibe amene walakwa mwadala, koma ngati wina sawatsegulira msanga, anyamatawa akhoza kupezeka m'mawa atamwalira onse atatu.

KODI MBAULA IMAPHA BWANJI?

Malasha akamayaka amatulutsa mpweya wa poizoni umene madokotala amaucha carbon monoxide. Pabwalo mpweyawu umauluka ndi mphepo. M'cipinda cotseka umaunjikana, ndipo moto ukamasowa mpweya wabwino ndi pamene umatulutsa poizoni wambiri. Kuopsa kwake ndi kwakuti suoneka, sununkha, sutsokomoletsa ndipo suwawa m'maso monga utsi wa nkhuni.

M'magazi mwathu muli timaselo tofiira timene timanyamula mpweya wa moyo, wochedwa okosijeni, kucokera ku mapapo kupita ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Poizoni wa malasha amamatirira ku timaseloti mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Zili ngati minibasi imene yadzaza anthu okana kutsika: imayendabe mumseu, koma amene ali ndi ulendo weniweni amatsala pa siteshoni. Magazi amayenda, munthu amapuma, koma ubongo ndi mtima zili pa njala ya okosijeni. Munthu amene ali m'tulo, kapena amene wamwa mowa, samva kanthu. Amangopitirira kucoka m'tulo kulowa m'cikomokere.

ZIKHULUPIRIRO ZOSOCERETSA

Pali zinthu zimene timauzana m'makomboni zimene zilibe coonadi.

Ena amati malasha akafiira ndipo utsi ukatha, ngozi yatha. Iai. Malasha ofiira opanda utsi amatulutsabe poizoni mpaka atazimiratu.

Ena amati ukaika beseni la madzi pambali pa mbaula, madziwo amamwa poizoni. Madzi sacotsa mpweya umenewu.

Ena amati, "Ine ndikamva fungo ndidzauka." Taona kale kuti mpweyawu ulibe fungo, ndipo umafooketsa miyendo munthu asanafike pa citseko.

Enanso amati, "Kumudzi timagona ndi moto masiku onse." Nyumba ya udzu imatulutsa mpweya kudenga ndi m'mbali, ngakhale kuti nayonso utsi wake umadwalitsa cifuwa. Cipinda ca mabuloko ndi malata, cotsekedwa timabowo tonse, cili ngati botolo.

ZIZINDIKIRO NDI THANDIZO LOYAMBA

Zizindikiro zoyamba ndi izi: mutu kuwawa, cizungulire, mseru kapena kusanza, kufooka, mtima kugunda msangamsanga, kusokonezeka maganizo ndi tulo tosadziwika bwino. Zimafanana ndi malungo kapena cimfine, koma pali kusiyana. Thupi silitentha, anthu onse a m'cipinda amadwala nthawi imodzi, ndipo akatuluka panja amayamba kumvako bwino.

Mukapeza anzanu m'bvuto lotere, citani izi:

1. Tsegulani citseko ndi mazenera onse. Musakhalitse m'cipindamo, kuopa kuti nanunso mungagwe.

2. Tulutsani odwala onse panja pa mpweya wabwino, ndipo muwafundike bulangeti.

3. Amene wakomoka koma akupuma, mugonekeni cammbali kuti akasanza asatsamwe.

4. Musamumwetse mkaka, madzi kapena mankhwala alionse munthu wokomoka. Mkaka sucotsa poizoni ameneyu, ndipo ukhoza kulowa m'mapapo.

5. Pezani galimoto mwamsanga mupite nawo ku cipatala, ndipo mukafika nenani poyera kuti anagona ndi mbaula. Musabise cifukwa coopa a landilodi kapena akuluakulu a sukulu.

Mankhwala ake ndi okosijeni wa ku cipatala. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamapita maola 4 mpaka 6 kuti theka la poizoni licoke m'magazi. Akapatsidwa okosijeni, nthawiyo imatsika kufika pa ola limodzi kapena limodzi ndi theka. Ngakhale amene watsitsimuka ndipo akuti ali bwino ayenera kupimidwa, cifukwa ena amayamba kuiwalaiwala, kumva mutu kapena kusintha khalidwe patapita masiku kapena masabata. Kwa mwana wa sukulu, ubongo ndiwo khasu lake. Mai wapakati ayenera kupita ku cipatala ngakhale zizindikiro zili zocepa, cifukwa mwana wa m'mimba amabvutika kuposa mai wake.

Wophunzira aliyense adziwiretu cipatala cimene ali naco pafupi. Ku Kalingalinga ndi ku Mtendere kuli makiliniki a boma. Pa mseu wa Great East pali cipatala ca Levy Mwanawasa, kufupi ndi Ridgeway kuli UTH, ndipo ku Chilenje, Matero, Chawama ndi Kanyama kulinso zipatala.

NJIRA ZABWINO ZOFUNDITSIRA THUPI

Lamulo ndi ili: funditsani thupi, cipinda cisiyeni cipume. Phikirani ndi kuwothera moto pa khonde kapena pabwalo. Nthawi yogona ikakwana, mbaula itsale panja, pamalo pamene mwana sangaigwere. Timabowo ta mpweya tikhale totsegula caka conse. Lamulo lomweli likhudzanso sitovu ya parafini, sitovu ya gasi ndi jenereta. Jenereta isalizidwe m'nyumba, m'khonde lotseka kapena pansi pa zenera.

Zobvala zopyapyala zitatu zimafunda kuposa cimodzi cocindikala, cifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndiwo umasunga kutentha. Ndiponso masana dzuwa likatentha mukhoza kubvulako cimodzi. Cisoti ca ulusi ndi masokosi pogona zimathandiza kwambiri. Majuzi a salaula amapezeka pa mtengo wotsika ku msika wa Soweto ndi m'misika ya m'makomboni. Acapeni ndi kuwasita musanawabvale.

Kuzizira kwambiri kumacokera pansi pa simenti. Ngati mulibe bedi, yalani makatoni kapena mphasa pansi pa matiresi. Thirani madzi ofunda, osati owira, m'botolo lolimba, litsekeni bwino, likulungeni m'nsalu ndi kuliika ku mapazi. Loweruka lililonse yanikani mabulangeti ndi matiresi pa dzuwa kuti mucepetse cinyezi ndi nsikidzi.

Amene ali ndi hita kapena sitovu ya malaiti asamale. Musayanike zobvala pa hita, musagone ili yoyaka, ndipo musalumikize nthambo zongopota ndi manja. Malaiti akazima, zimitsani zonse pa khoma nthawi yomweyo, cifukwa akhoza kubwera pakati pa usiku inu muli m'tulo. Kandulo ikhale pa mbale, kutali ndi makatani, mabuku ndi neti ya udzudzu.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pa balalo kwa mphindi 20, bvulani mphete kapena wochi malowo asanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera ndi kupita ku cipatala. Musapakepo mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta ophikira kapena phulusa. Mnzanu amene ali ndi matenda a khunyu asakhale yekha pafupi ndi moto.

CAKUDYA NDICO MOTO WA M'THUPI

Wophunzira wogona ndi njala amamva mphepo kawiri. Mwai wake ndi wakuti ino ndi nyengo ya mbatata, imene ku Lusaka amati kandolo, nshawa, maungu, nyemba zatsopano, repu ndi kabici. Mbatata yophika ndi tiyi, kapena phala losinjira nshawa m'mawa, zimakhalitsa m'mimba kuposa mabanzi ndi zakumwa za m'botolo, ndipo mtengo wake ndi wocepa. Malalanje, manacisi, masau ndi malambe zili ndi vitamini C wambiri. Amene akupita ku Lusaka pa basi amazipeza zipatso za m'cigwa pa mlatho wa Luangwa. Kusonkha ndalama ndi kuphika pamodzi kumapulumutsa malasha, ndipo m'phika umodzi umasandutsa alendo kukhala abale.

Imwani madzi ngakhale ludzu silikumveka, cifukwa mpweya wa nyengoyi ndi wouma. Pakani vaselini kapena gilisalini pa milomo, m'manja ndi ku zidendene kuti zisang'ambike. Musaleke kusamba. Ngati m'mawa kwazizira kwambiri, sambani masana kapena madzulo dzuwa lisanalowe.

CIMFINE NDI CIFUWA

Kutsekereza cipinda kuli ndi bvuto linanso. Cimfine cimayamba ndi tizirombo ta mavairasi timene timacokera kwa munthu wina potsokomola, poyetsemula ndi pogwirana manja. Cimawanda nyengo ino cifukwa anthu amathithikana m'zipinda, m'makalasi ndi m'maminibasi mazenera ali otseka. Cimfine wamba cimatha cokha pa masiku 7 mpaka 10. Pumulani, imwani zamadzimadzi zofunda, ndipo panado akhoza kucepetsa mutu ndi kutentha thupi. Makapisozi ogula pa kantemba sapha mavairasi. Kuwamwa mwacisawawa kumacititsa kuti adzalephere kugwira nchito tsiku limene mudzawafunadi.

Pitani ku cipatala msanga ngati mukupuma mobvutika, mukumva kubaya m'cifuwa, kapena thupi latentha kwambiri. Cikhoza kukhala cibayo. Ngati munabwera kuno kumudzi masabata apitawa ndipo thupi latentha, pimitsani malungo.

Cifuwa cimene catha masabata awiri osapola, makamaka pamodzi ndi thukuta la usiku, kuonda ndi kusafuna kudya, cikhoza kukhala TB. Matendawa amayenda mumpweya, ndipo amakonda zipinda zothithikana zopanda mpweya ndi dzuwa. Kupimitsa makhololo ndi mankhwala a TB ndi zaulere m'zipatala za boma. TB wamba amacizika munthu akamwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa. Mmodzi akapezeka naye, onse ogona naye cipinda cimodzi akapimitse. Musamuthamangitse mnzanuyo kapena kumuseka. Akayamba mankhwala ndi kumwa mokhulupirika, mphamvu yopatsira ena imacepa msanga.

KUKONDWA KOSABWERETSA MISOZI

Tsopano tinene za cisangalalo, pakuti mwana sanapite ku Lusaka kukangodzitsekera. Masana a nyengo ino ndi abwino koposa. Tulukani ndi mabuku anu mukawerengere pa dzuwa. A pa Great East Road ali ndi kapinga wa m'mbali mwa maiwe a Goma. Mpira, netibolo, kuthamanga m'mawa ndi kuyenda pansi kupita ku kalasi zimafunditsa thupi ndi kupatsa tulo tabwino.

Lolemba loyamba mu Julai ndi Laciwiri lotsatira ndi masiku a chuthi, Heroes Day ndi Unity Day. Sonkhanani anzanu angapo mukaone nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lusaka National Museum pa mseu wa Independence, kapena amisiri osema ku Kabwata Cultural Village, kapena mitengo ndi maluwa ku Munda Wanga ku Chilanga. Okonda mpira ali ndi bwalo la National Heroes limene linatsegulidwa m'caka ca 2014. Kumapeto kwa Julai kulowa mu Ogasiti kumakhala cionetsero cacikulu ca ulimi ndi malonda ku Showgrounds, cimene cimatha pa tsiku la alimi, Lolemba loyamba mu Ogasiti. Makwaya a ku chalichi ndi magulu a ophunzira ocokera kuno kum'mawa amathandiza amene wapukwa kumudzi.

Cenjerani ndi mnzanu amene amati mowa umacotsa mphepo. Mowa umatsegula mitsempha ya pa khungu, magazi ofunda amathamangira kunja, munthu amamva ngati wafunda, koma kutentha kwa m'kati kukutayika. Woledzera akagona pa mseu usiku wa mu Julai akhoza kufa ndi kuzizira, ndipo akagona pafupi ndi mbaula sauka. Boma linaletsa timapaketi ta tujilijili m'caka ca 2012, koma kacasu ndi mowa wina waukali zikalipo. Mukapita kokaceza usiku, pitani m'gulu, tengani juzi, sungani ndalama yobwerera, ndipo musasiye mnzanu kumbuyo.

Acinyamata amasekanso kuti mphepo imafuna bulangeti la miyendo iwiri. Mphepo imatha mu Ogasiti, koma mimba yosakonzekera, matenda opatsirana pogonana ndi HIV zimatsala. Kudziletsa kulipo, makondomu amapezeka mwaulere m'makiliniki a boma, ndipo kupimitsa magazi ndi kwaulere.

MAU KWA MAKOLO

Inu amai ndi atate, pamene mukutumiza ufa pa basi, ikanimonso bulangeti lina, mbatata, nshawa ndi nyemba. Poimba foni musangofunsa za mayeso. Funsani kuti, "Mwanawe, umagona ndi ndani? Mumaphikira pati? Nanga mbaula imagona kuti?" Ngati mungathe, pitani mukaone cipindaco, muone ngati zenera limatseguka ndiponso ngati timabowo ta mpweya tilipo. Mwana akadandaula za mutu m'mawa uliwonse, musathamangire kunena kuti ndi mabuku kapena kuti amulodza. Yambani mwafunsa za mbaula.

Inunso eni nyumba za lendi, mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Konzani malo ophikira panja, musatseke timabowo ta mpweya, ndipo uzani alendi anu lamulo la mbaula tsiku limene akulowa.

Ndipo tisaiwale kuti ana amatengera zimene anaona pakhomo. Ngati ife eni ake kuno ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi timalowetsa mbaula m'nyumba usiku, mwana adzacita cimodzimodzi ku Lusaka.

MAFUNSO OKAMBIRANA PABANJA

1. Kodi ndi cifukwa ciani malasha ofiira opanda utsi ali oopsabe?

2. Chulani zizindikiro zinai zoonetsa kuti munthu wapuma poizoni wa malasha.

3. Mukapeza mnzanu atakomoka m'cipinda muli mbaula, mudzayamba kucita ciani? Nanga simuyenera kumupatsa ciani?

4. Kodi cifuwa cikatha masabata angati munthu ayenera kukapimitsa TB?

5. Kodi m'nyumba mwanu timabowo ta mpweya ndi totsegula? Ukani mukaone.

Kupewa kuposa kuciza. Usiku uno musanagone, tulutsani mbaula, ndipo imbirani mwana wanu wa ku Lusaka kuti nayenso atulutse yake.